Toyota 86 yogwiritsidwapo kale ntchito: nditenge ya manual kapena ya automatic?

Chibavi_86
Moni nonse pagulu pano. Nkhani iyi yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndifunse kwa anthu amene mumayenda m'misewu yomweyi. Ndakhala ndikusunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti ndidzagule Toyota 86, ndipo tsopano ndayandikira. Ku Japan ndapezako ziwiri, zonse za 2013. Ina ndi ya manual, magiya 6, yayenda makilomita 128,000. Inayo ndi ya automatic, yayenda 74,000, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Mtima wanga uli pa ya manual, sindibisa. Koma ndimakhala ku Chibavi, ntchito ndimagwira m'tauni, Loweruka lambiri ndimatsikira ku Nkhata Bay kukaona makolo, ndipo mayi a kunyumba amayendetsa automatic yokha. Amene munakhalapo ndi galimoto za mtundu uwu kuno ku Mzuzu, ndiuzeni zoona zokhazokha. Nditenge iti?

TurboWaKatoto
Manual achimwene. Galimoto imeneyi anaipangira kuti dzanja lizigwira giya, phazi lizimva klachi. Mukafuna automatic gulani Mark X, mukhale bwinobwino.

Mayi_a_Tawonga
Funso langa ndi limodzi. Mayi a kunyumbawo mwawafunsa, kapena mwayamba kufunsa ife?

Spana_waku_Luwinga
Bwana, ine ndimakhalira kukonza galimoto, ndiye ndiyamba ndi zimene simunafunse. Nkhani ya giya ndi yachiwiri. Yoyamba ndi kutalika kwa galimotoyo kuchoka pansi. 86 ili ndi mpata wa mamilimita 130 okha, ndipo zambiri zochokera ku Japan eni ake anazitsitsanso poika masipuling'i aafupi. Taganizirani msewu wolowera kunyumba kwanu ku Chibavi mwezi wa Malichi kapena Epulo, mvula ya Mzuzu itagwa sabata yonse. Mukadutsa bwanji? Bampala yakutsogolo ndi imene imayamba kupita, kenako zotchinga za pansi pa injini. Pa mahampu muzidutsa chopingasa, pang'onopang'ono, a kabaza akukuimbirani belu kumbuyo.

Chachiwiri, injini. Anthu amaona chizindikiro cha Toyota nkumaganiza kuti sipeya apezeka pa shopu iliyonse ngati za Corolla. Ayi. Galimoto iyi Toyota anapanga limodzi ndi Subaru, mnzake ndi BRZ, ndipo injini yake ndi ya Subaru, FA20, ya malita 2.0, yogona cham'mbali. Kusintha mapulagi okha ndi ntchito, chifukwa ali m'mbali pafupi ndi chasisi, dzanja sililowa bwino. Oyilo imafuna wopyapyala, 0W-20, osati wa m'dilamu amene timathira m'maminibasi.

Tsopano za giya. Automatic ya 86 si CVT, giyabokosi yopanda magiya owerengeka, ngati ya Sienta kapena Fit. Ndi ya magiya 6 enieni, ndipo mutha kusintha nokha mukafuna. Ikasamalidwa ndi yolimba. Ya manual nayo ndi yabwino, koma pa 128,000 konzekerani kuti klachi ili pafupi kutha ngati sanaisinthe. Ine pa ziwirizo ndingayang'ane mbiri ya galimoto, osati ndodo ya giya.

TurboWaKatoto
A Spana, zonse mwanenazo ndi zoona, koma mwayankha ngati munthu wokonza. Mnzathuyu sakugula galimoto yonyamulira makala. Akufuna chisangalalo. Injini ya 86 ilibe turbo, mphamvu zake ndi za akavalo pafupifupi 200, ndipo zimabwera injini ikalira pamwamba. Ndi manual umaisunga pamenepo wekha. Ndi automatic imathamangira kulowa giya yapamwamba kuti ipulumutse mafuta, ndiye galimoto imaoneka ngati yaulesi.

Spana_waku_Luwinga
Ikani ndodo ya giya pa M, musinthe magiya nokha. Siithamangira kulikonse.

TurboWaKatoto
Si chimodzimodzi akulu. Phazi lamanzere likhala likutani?

Dalaivala_wa_M1
Ndilowepo pa nkhani ya zitunda, chifukwa ndi imene ine ndimaidziwa. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, koma umatsika kuchoka pamwamba pa mamita oposa 1,200 kufika kunyanja komwe ndi pafupifupi mamita 500. Ndi mtsetse wautali wa makhotamakhota. Ku Chiweta, popita ku Karonga, ndiye nkhani ina. Ngozi zambiri za m'malo ngati amenewa zimayamba ndi munthu amene wapondereza mabuleki kuchokera pamwamba mpaka atenthe. Akatentha, mumaponda koma galimoto siimva, ndipo fungo mumalimva nokha.

Wa manual amaphunzira msanga kutsika ndi giya 3 kapena 2, injini nkumagwira galimoto. Wa automatic ambiri amangosiya pa D mpaka pansi, poganiza kuti galimoto ikudziwa yokha. Vuto si giyabokosi, ndi kusaphunzitsidwa. Automatic iliyonse ili ndi njira yotsekera giya yotsika, kaya ndi L, kaya 2, kaya M. Choncho a Chibavi_86, iliyonse mungatenge, phunzirani zimenezi, ndipo mayi aphunzirenso.

China, 86 imakankha ndi matayala akumbuyo. Ambiri tinazolowera Vitz ndi Axio zokoka ndi akutsogolo. Mu Chikangawa m'mawa, chifunga chitatseka, phula litanyowa, mukaponda mafuta pakati pa khona kumbuyo kumathawa. Batani lozimitsira traction control, chida choletsa matayala kuterereka, musalikhudze pamsewu wa anthu.

NyaKaning'ina
Chimene chikundidabwitsa nchakuti aliyense wangovomera kuti mayiwo sangaphunzire manual. Ine ndine mzimayi, ndimayendetsa Swift Sport ya manual tsiku lililonse kuchoka ku Kaning'ina kupita m'tauni, ndipo sindinabadwe ndikudziwa. Ndinaphunzira pa bwalo la mpira, kenako pa kachitunda kopanda anthu, kunyamuka ndi handibuleki mpaka phazi linazolowera. Ngati mayiwo akufuna, aphunzira. Ngati sakufuna, imeneyo ndi nkhani ina ndipo muwalemekeze. Koma musawasankhire musanawafunse.

Mayi_a_Tawonga
Achemwali, ine sindikuti sangathe. Ndikuti galimoto ya pabanja iyenera kuyendetsedwa ndi aliyense usiku uliwonse. Mwana atadwala 2 koloko usiku bambo ali ku Lilongwe, mayi ayambe kulimbana ndi klachi pa geti? Ndiponso mipando yakumbuyo ya 86 munaiona? Munthu wamkulu sakhalamo.

NyaKaning'ina
Pa mipando ndikugwirizana nanu. Zitseko ndi ziwiri zokha, kuika mwana kumbuyo ndi ntchito.

Mlonda_wa_Thumba
Ine ndinena zimene ena akuopa kunena. Aise, gula poloti. Ku Dunduzu kapena ku Lupaso malo akukwera mtengo chaka chilichonse, pamene galimoto ikuyamba kutsika tsiku limene wailembetsa. Kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sipeya iliyonse ya galimoto imeneyo uziitanitsa ndi madola. Madolawo uwapeza kuti?

TurboWaKatoto
Nthawi zonse munthu akafunsa za galimoto pamabwera wa poloti. Anakuuzani kuti alibe?

Mlonda_wa_Thumba
Sananene kuti ali nayo.

Gogo_Altezza
Musakangane ana anga. A Mlonda ali ndi mfundo, koma munthu amene wagwira ntchito nkusunga ndalama zake ali ndi ufulu wogula chimene mtima wake wakhumba. Ine ndili ndi Altezza RS200 ya manual, magiya 6, ndipo ngakhale tsitsi layera sindiganiza zoigulitsa. Altezza anasiya kupanga mu 2005, ndiye yanga ndi nkhalamba, koma ndikakwera nayo kuchoka ku Ekwendeni kubwera m'tauni, kumva injini ikutseguka pa giya 3, ndimakhala wokondwa tsiku lonse. Pa Altezza kusiyana kunalipo ngakhale pa pepala: ya manual anaipatsa akavalo 210, ya automatic 200.

Chimene manual yandithandiza kwambiri ndi ichi. Batire ikafooka m'mawa wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, anyamata awiri amandikankha pa kamtsetse, ndaika giya 2, ndasiya klachi, yalira. Automatic simungaikankhe kuti ilire. Mudikira wina abwere ndi mawaya kapena batire. Ndipo ikafa panjira, kuikoka ndi chingwe mtunda wautali matayala akumbuyo ali pansi kumaononga giyabokosi, pamafunika kuinyamula. Kwa munthu woyenda kumidzi ya ku Nkhata Bay, zimenezi nzofunika kuziganizira.

Koma ndikuuzeninso mbali ina. Bondo langa lamanzere masiku ano limadandaula ndikakhala pamzere wautali. Inu ndinu wachinyamata, mwina simuzimva panopa.

Chibavi_86
Zikomo nonse, ndikuwerenga mmodzimmodzi. A Mlonda, poloti ndili nayo ku Msongwe, ndinayamba ndi imeneyo. Mayi a Tawonga, funso lanu ndi lolondola. Mayi akudziwa kuti ndikufuna 86, koma za manual ndi automatic sitinakhale pansi. Panopa tili ndi Passo, ndi imene amayendera. Maganizo anga anali oti tigulitse Passo kuti ndalama za duty zikwane.

Mayi_a_Tawonga
Ayi bambo, apo ndiye ayi. Passo isapite.

Spana_waku_Luwinga
Apa ndiye nkhani yasintha. Ngati 86 ikhala galimoto yokhayo pakhomo, musagule, kaya manual kaya automatic. Sensa imodzi ikafa mudzadikira masabata kuti ibwere kuchokera ku Dubai, ku Johannesburg kapena ku Japan, ndipo nthawi yonseyo banja lili pa kabaza. Galimoto yotere imakoma ikakhala yachiwiri. Passo ikakhalapo, tengani manual yanu ndi mtima umodzi, chifukwa mayi ali ndi poyendera.

TurboWaKatoto
Apa ndikugwirizana ndi a Spana. Sungani Passo, dikirani pang'ono, mudzatenge manual.

Kasumulu_Boy
Ine ndimapita pafupipafupi kukatenga galimoto ku doko la Dar es Salaam, ndiye ndithandizepo pa kagulidwe. Musakhulupirire zithunzi. Funsani auction sheet ya galimoto iliyonse mwa ziwirizo, pepala limene oyendera galimoto pa okushoni ku Japan amalembapo mmene ilili, ndipo nambala ya chasisi ifanane. Pakona pa pepalalo pamakhala giredi. 4 kapena 4.5 ndi yabwino. Mukaona R kapena RA, dziwani kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Pa 86 za manual zimenezi ndi zofala, chifukwa achinyamata a ku Japan amazikonda popita nazo ku mabwalo a mpikisano ndi kukatsetsereka nazo m'makona. Ya automatic kawirikawiri imakhala kuti inali ya munthu wongoyendera kuntchito. Nchifukwa chake pamsika wa zakale, automatic yoyera mbiri imapezeka mosavuta ndiponso motchipa kuposa manual yoyera mbiri.

Yang'anani pa zithunzi ngati ekizozi ndi yoyambirira, ngati marimu ndi a fakitale, ngati pa dashibodi pali mabowo pomwe panali mageji oonjezera, ndiponso ngati yatsitsidwa. Funsaninso za masipuling'i a mavalavu. Galimoto zoyambirira za 86 ndi BRZ, za 2012 ndi 2013, zinaitanidwa kuti zikasinthidwe zimenezi, ndiye ndi bwino kudziwa ngati yanuyo inapita.

Pa duty, a MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, yakale kwambiri imalipira zambiri. Ya 2013 si yatsopano, ndiye pitani mukafunse chiwerengero chenicheni musanatumize ndalama ku Japan, musadalire za mnzanu amene anaombola chaka chatha.

Ndipo mukapita nokha kukaitenga kapena mupeze dalaivala amene mumamudziwa bwino. Njira ya ku Dar kudutsa Mikumi, Kitonga, Iringa mpaka Uyole, kenako Tukuyu kutsikira ku Kasumulu, ili ndi mahampu aakulu m'matauni onse. Mnyamata wothamangira kuti abwerere kukatenga ina akhoza kukubweretserani galimoto yopanda bampala, klachi itapsa kale.

Zolozolo_Finest
Inu mukukamba za magiya, mafuta ake alipo? Nthawi imene petulo anasowa ndinagona pa filling station ndi galimoto, mzere utafika kutali. Kusuntha mita imodzi, kuima, kusunthanso. Amene anali ndi manual anali kutuluka nkumakankha ndi manja kuti asamalize klachi ndi batire.

NyaKaning'ina
Pamzere sumapondereza klachi, umaika fili nkudikira. Klachi imatha chifukwa chogoneka phazi pamenepo poyenda, kapena kuimitsa galimoto pachitunda ndi klachi m'malo mwa buleki.

Zolozolo_Finest
Chabwino, koma nanga mafuta a m'zigubu? Tonse tinagulapo zinthu zitavuta.

Spana_waku_Luwinga
Amenewo ndiye muwapewe pa 86. Injini yake imapanikiza kwambiri, 12.5 kwa 1, ndipo ku Japan amaithira petulo wa octane yapamwamba. Ili ndi mainjekita amitundu iwiri, ena amathira molunjika mu silinda. Petulo wa m'chigubu wosakaniza ndi palafini kapena wa zinyalala amaononga zinthu zodula. Thanki yake ndi ya malita 50. Mafuta akavuta, ikhale pakhomo, muyendere Passo.

Mphunzitsi_Chiputula
Pepani ndifunse zapambali. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Kodi sizivuta pa galimoto za ku Japan zoterezi?

Spana_waku_Luwinga
Aphunzitsi, kusakaniza kumeneku kunayamba kalekale m'ma 1980, ndipo galimoto zonse za ku Japan zili m'tauni muno zikuyendera yemweyo. Vuto limene ine ndimaliona ndi pa galimoto yongokhala miyezi osayenda, chifukwa ethanol amakoka chinyezi. Iziyenda, basi.

RotaryMzuzu
Bwanji osaganizira Mazda RX-8, ya injini ya rotary? Imatchipa kugula kuposa 86, ili ndi zitseko zinayi, ana alowa bwino kumbuyo. Ndipo pa imeneyo palibe mtsutso, ya manual ya magiya 6 ndi yamphamvu kwambiri kuposa ya automatic.

Gogo_Altezza
Mwana wanga, musamuonjezere mnzanu mavuto. Imatchipa pa chifukwa.

RotaryMzuzu
Agogo, anthu amaiopa chifukwa saidziwa. Injini ya rotary imadya oyilo mwadala, anaipanga choncho, ndiye umayenera kuyang'ana pafupipafupi. Ukailiza kukuzizira usaizimitse isanatenthe, apo ayi imamira ndi mafuta nkukana kulira. Ukatsatira zimenezi imakhala.

Spana_waku_Luwinga
Nanga ikataya compression, mphamvu yopanikiza mpweya mu injini, ndani aitsegule kuno? Ine sindingakunamizeni, sindiigwira. Ilibe mapisitoni, zida zoyezera ndi zina, ndipo imamwa petulo ngati ya masilinda 6. Munthu amene akuwerengera ndalama za duty asayandikire.

Admin_Mapale
Abale, tibwerere ku funso. Za RX-8 ndi za mizere ya mafuta mutsegule nkhani yake. Mnzathu wafunsa za 86, manual kapena automatic.

Dalaivala_wa_M1
Ndiye ndiponye voti. Pa ziwiri zimene watchulazo, ine ndikutenga automatic ya 74,000. Yayenda pang'ono, mwina sinazunzidwe, mayi atha kuyendetsa, ndipo paulendo wautali wa ku Lilongwe imamwa pang'ono kuposa ya manual chifukwa giya yake yomaliza ndi yaitali. Misewu yathu ilibe malo ambiri oti munthu amve kusiyana kumene a Turbo akunena. Maenje, mbuzi, njinga, ana a sukulu, apolisi ndi kamera. Uthamangira kuti?

TurboWaKatoto
Sindikunena zothamanga madala. 86 si galimoto yaliwiro kwambiri, Mark X ya 3.5 imaisiya pamsewu woongoka. Kukoma kwake ndi pa makona, pa liwiro lololedwa lomweli. Msewu wa ku Nkhata Bay chiukonzereni uli bwino, ukamakwera kubwerera ku Mzuzu madzulo, kutsitsa giya usanalowe khona, kuimva ikugwira, kutuluka nkukweza. Munthu amene wasunga ndalama zaka chifukwa cha zimenezi, akagula automatic adzakhala akuyang'ana ya mnzake ndi mtima wowawa. Ndinaonapo anthu akugulitsa patangopita miyezi, nkuluza ndalama.

Mlonda_wa_Thumba
Pogulitsa ndiye pali nkhani. Kuno ogula automatic ndi ambiri, achinyamata ambiri manual saidziwa nkomwe.

Kasumulu_Boy
Pa Vitz ndi zoona. Pa 86 ayi. Amene amafuna galimoto imeneyi ndi ochepa, koma mwa ochepawo ambiri amafunsa manual poyamba. Ogula mudzawapeza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, osati pa Katoto.

Spana_waku_Luwinga
Ndionjezere za kukonza, kuti muwerengere bwino. Manual ikavuta nthawi zambiri ndi klachi: clutch plate, pressure plate ndi release bearing. Musinthe zonse pamodzi, chifukwa ntchito yotsitsa giyabokosi ndi yomweyo. Zida zikafika, makaniko aliyense wodziwa ntchito ku Luwinga atha kuchita. Pa 86 zoyambirira release bearing imakonda kuyamba kulira, mukamva kaphokoso kosintha mukaponda klachi ndi imeneyo. Mvetseraninso ngati giya 2 ikulowa bwino injini itatentha.

Automatic siivutavuta, koma tsiku limene yavuta kuno timasowa pogwira. Ambiri sititsegula, timangoti itanitsani ina yathunthu. Chimene chimaipha ndi kuthira ATF, oyilo wa giyabokosi ya automatic, wolakwika. Anthu amagula aliyense wofiira pamsika poganiza kuti ndi mmodzi. Gwiritsani ntchito amene buku lake lanena, ndipo ikangofika musinthe oyilo yense, wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu, chifukwa simudziwa kuti mwini wake analeka liti kusamala atadziwa kuti akugulitsa.

Matayala nawo muwerengere. 86 ya mtundu wa GT imavala 215/45 R17, opyapyala m'mbali. Dzenje limodzi la pa M1 usiku limatha kudula tayala ndi kupinda rimu nthawi imodzi. Ya mtundu wa G imabwera ndi marimu a mainchesi 16, ndipo kwa misewu yathu ine ndimakonda imeneyo.

Mayi_a_Tawonga
A Chibavi_86 mwangoti zii. Mwakamba nawo mayi?

Chibavi_86
Ndakamba nawo usiku wathawu, ndinawaonetsa zonse mwalemba pano. Za Passo anakana ndisanamalize nkomwe kulankhula, ndipo ndavomera, siigulitsidwa. Zikutanthauza kuti ndidikira miyezi ina kuti za duty zikwane, ndiye ziwiri ndinaonazo mwina zipita. Chimene sindinayembekezere nchakuti iwo akufuna kuphunzira manual, akuti anasiyira panjira nthawi ya sukulu yoyendetsa ndipo zimawawawa. Choncho ndikusaka ya manual, ya giredi 4 kupita m'mwamba, yosatsitsidwa. Ndikapanda kuipeza yoyera mbiri nditenga automatic, sindigula ya R chifukwa chongofuna klachi. A Kasumulu_Boy, ndikapeza auction sheet ndiponya pano mundiwerengere, Chijapani chake sindingachimve.

NyaKaning'ina
Mayiwo asaphunzirire pa 86 yatsopanoyo. Ndilembereni kumbali, Lamlungu masana ndimakhala ndi mpata, ayambire pa Swift yanga.

Kasumulu_Boy
Ponyani, ndiona. Mujambule pepala lonse, ndi pansi pomwe pamene pali chithunzi cha galimoto ndi zilembo za A, U, W ndi XX, chifukwa zokala, zophwanyika ndi zosinthidwa amazilemba pamenepo.

Spana_waku_Luwinga
Ndipo musanatumize ndalama, bwerekani galimoto yotsika ya mnzanu muyese kulowa nayo mpaka pageti panu mvula itagwa. Ikakhudza pansi, muyambe mwathira dothi ndi miyala panjirapo.